Tsiku Limene Anatibisa Kuseri kwa Chipatala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anga anawakweza lole kupita nawo kuboma kukavina, n'kundisiyira mwana wotsegula m'mimba. Mwanayo anali mlongo wanga Saidi, wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Kwathu ndi kunyanja, pakati pa Nkopola ndi Nkope. Bambo anali msodzi, ndipo sabata imeneyo anali atatsata usipa kutsidya kumene asodzi amakamanga misasa, moti pakhomo panalibe munthu wina wamkulu. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ana a masiku ano akamva zimenezi amangoganiza kuti kunalibe chisankho basi. Sadziwa kuti chipanicho chinkalowa mpaka m'nyumba, n'kuchotsa mwana pabere.

Kunamveka kuti nduna ina ibwera kudzayendera dera lathu, ndipo amayi onse a m'mudzi anayenera kukakhala kuboma masiku awiri, kuphunzira nyimbo ndi magule oilandirira. Amayi anga anayesa kukana. Ndinawaona ndi maso angawa atagwada pamchenga pamaso pa mayi wina wa udindo m'chipani, mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, amene tinkatunga naye madzi pachitsime chimodzi.

"Mwana wanga sali bwino," anatero amayi. "Wayamba kutsegula m'mimba."

"Ana a anzanu onsewa sadwala?" anayankha mayiyo. "Kapena amuna anu atopa nako kuponya khoka m'nyanja ya boma? Ndipo musamutenge ameneyo, angadetse nsalu yatsopano."

Nkhani inathera pomwepo. Amayi anamuyamwitsa Saidi, n'kundimangira khadi la chipani pansonga ya chitenje, pakuti nthawi imeneyo ngakhale ana tinkayenda ndi makhadi. Anandiuza kuti zikavuta ndithamangire kuchipatala. Kenako anakwera, ndipo lole isanafike n'komwe kumsewu waukulu inali itayamba kale kuimba.

Tsiku lonselo Saidi ankangolira ndi kutsegula. Matewera anatha, ndinayamba kung'amba nsalu yakale ya amayi. Madzulo kunabwera azakhali, alongo awo a bambo, akutsimphina ndi mwendo wawo wotupa. Anamugwira mwanayo pamutu n'kupeza kuti liwombo, paja pofewa pamutu pa khanda, lalowa m'kati. Anasinja masamba ena, kusakaniza ndi mafuta, n'kumata pamenepo. Anandilangiza kuti ndisamupatse madzi, poti madziwo ndi amene akutuluka kunsiku. Azakhali sindinawasungire chakukhosi ayi. Anachita zimene ankadziwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa zomwezo.

Kutacha, Saidi anasiya kulira. Kalanga ine, ndinasangalala! Ndinati mankhwala a azakhali agwira ntchito. Koma maso ake anali atalowa, ndipo azakhaliwo atamuyang'ana anati ndipite nayebe kuchipatala, iwo ndi mwendo umenewo sakanafika. Ndinamubereka n'kuuyamba ulendo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anayendapo wopanda nsapato pamchenga wa ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa chimene ndikunena. Ndinkathamanga kuchoka pamthunzi wa mlambe uwu kukapumira pa winawo. Mwanayo anali wopepuka modabwitsa, kamutu kali lendelende kumsana kwanga, ine n'kumati wagona.

Chipatalacho sindichitchula dzina. Chinali chaching'ono, cha malata, m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku limenelo ndinachipeza chitasintha. Miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka njereza, mitengo nayo anaipaka kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Njira yolowera anaisesa mpaka mizere ya tsache inkaoneka. Pachipata anamangapo masamba a kanjedza ndi timbendera, ndipo ana a sukulu anali atandanda padzuwa, akubwereza nyimbo imodzimodzi. Ndunayo inali idzadutsa pomwepo.

Pachipatapo panaima anyamata a chipani, aja a malaya ofiira. Mmodzi anayang'ana khadi langa, kenako diresi langa long'ambika paphewa, kenako mapazi anga ambuu.

"Kuseri!" anatero, akuloza ndi ndodo. "Zungulira uko, usaponde posesapa. Ukakhale chete mpaka alendo atapita."

Ndinazungulira, ndipo kuseriko ndinapeza odwala onse. Abale inu, mlendo ankabwera kudzaona chipatala, ndiye anthu anaganiza zobisa odwala! Ankati boma lathu anthu ake ndi okhuta, ovala bwino, choncho munthu wausiwa, wa chilonda chonunkha, akanachititsa manyazi. M'wodi anangosiyamo atatu anayi ooneka bwino, atawafunditsa mabulangete atsopano amene madzulo ake anawalandanso. Ife ena tonse anatiunjika pakati pa zimbudzi ndi dzenje lotayamo zinyalala. Mpaka lero ndikakumbukira fungo la pamalo amenewo mtima wanga umawira.

Panali msodzi wina amene mbedza inamulowa m'chikhatho, atakulunga dzanja m'kansanza. Panali nkhalamba yotsokomola, ndi mayi wapakati amene ankangoluma mlomo. Ntchentche zinali ng'waa. Palibe amene ankadandaula, chifukwa masiku amenewo sunkadziwa kuti amene wakhala pambali pako mawu ako akawatula kuti. Ine ndinakakhala kumapeto kwenikweni. Kunyumba ndi kumadrasa komwe anatiphunzitsa kuti mwana sadutsa kutsogolo kwa akulu, sakweza mawu, sayankhula asanafunsidwe, ndipo ine pa zimenezi ndinali katswiri. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anasuzumira kumsana kwanga n'kuti, "Koma mwanayu ndi wabwino, savuta." Ndinamwetulira monyada.

Dzuwa litafika pamutu, kukhomo lakuseri kunatuluka mayi wamfupi, wamikono yonenepa, atanyamula ndowa ya madzi akuda. Anali a Nasibeko. Kwawo kunali ku Ntcheu, anali Mkhristu, kolona ili m'khosi nthawi zonse. Sanali namwino. Ntchito yawo inali kukolopa, kuchapa nsalu za odwala ndi kuwiritsa masingano a jekeseni. Dera lonse linkawadziwa ndi pakamwa pawo, ndipo ife ana tinkawaopa kuposa jekeseniyo. Tsiku limenelo nawonso anawauza kuti asaonekere kutsogolo, poti yunifolomu yawo inali yosuluka.

Anataya madzi aja m'dzenje, koma sanabwerere m'kati. Mayi ameneyu anali ndi chizolowezi chake: sankadutsa mwana woberekedwa osavundukula nsalu n'kumuona nkhope. Anayamba kumayambiriro a mzere, kuvundukula mmodzimmodzi. Olira ankangowapitirira, n'kumati, "Lira bambo, mphamvu uli nazo iwe." Atafika pa ine anaima.

"Ameneyu wagona nthawi yanji?"

"Kuyambira m'mawa, amayi," ndinayankha maso ali pansi. "Akupezako bwino. Wasiya kulira."

Sanandipemphe. Anangomasula chitenje n'kumulandira Saidi m'manja mwawo. Anamutsina khungu la pamimba, ndipo atasiya, khungulo linangokhala chiimire ngati khwinya la nsalu. Anamutsegula kukamwa, lilime lili gwa. Anatunga madzi m'kapu n'kumudonthezera, madziwo anangotsikira m'mbali mwa tsaya.

"Wakodza liti?"

"Dzulo masana."

"Iwe wafika pano nthawi yanji?"

Ndinaloza pamene dzuwa linali. Apo m'pamene anandigwira khutu, n'kulipotokola mpaka ndinaona nyenyezi masana.

"Ndiye wangoti phee nthawi yonseyi? Pakamwa pakopa m'podyera pokha? Tamvera kuno, mtsikana iwe. Mwana akasiya kulira, iweyo ndiye uzilira! Wamva?"

"Anati tikhale chete," ndinatero misozi ili chuchuchu.

"Anati! Akafa mwanayu adzamuika ndi iwowo?"

Mawu akuti akafa ndi amene ananditsegula maso. Kufikira nthawi imeneyo sindinadziwe kuti kumsana kwanga ndinabereka munthu amene ankatsirizika. A Nasibeko anati mwanayo madzi atha m'thupi, ndipo poti sangathe kumeza, akufunika dilipi, madzi aja olowera mumtsempha. Koma chipinda cha mankhwala chinali chokhoma. Makiyi anali m'thumba mwa adokotala, ndipo adokotalawo anali ataima kumsewu kuyambira m'mawa, atavala jasi lawo loyera lositidwa bwino, pambali pa atcheyamani a chipani, kudikira kugwira dzanja la nduna.

"Nditsate," anatero a Nasibeko. "Ndipo usayang'ane pansi."

Sanazungulire. Analowa m'chipatala, kudutsa m'wodi, n'kutulukira khomo lakutsogolo, n'kuyamba kuponda njira yosesedwa ija ndi masilipasi awo onyowa. Ine m'mbuyo. Mnyamata uja wa malaya ofiira anathamanga n'kutchinga njira ndi ndodo yake.

"Mayi, bwererani!"

"Ngati ukufuna kumenya, menya," anatero, akumuonetsa Saidi. "Koma uyambe ameneyu, satenga nthawi."

Mnyamatayo anayang'ana kankhope kaja, ndodo inatsika yokha. Tinadutsa. Ana a sukulu aja nyimbo inawathera m'kamwa, mzere woyamba, kenako wachiwiri, mpaka pamalo ponse panangoti zii. Tikuyenda choncho Saidi anali atatsegulanso, timadzi toyera tikudontha m'mikono mwa a Nasibeko. Atafika pamene panaima akuluakulu, sanagwade, sanaombe m'manja, sanati n'komwe zikomo. Anangomuika mwanayo pachifuwa pa adokotala. Munthu ukapatsidwa khanda manja amalandira okha, ndipo adokotala analandira. Jasi loyera lija linangoti thapsa kuchokera pachifuwa mpaka m'matumba.

"Bambo, mwanayu safika madzulo," anatero a Nasibeko.

Atcheyamani, bambo wamtali wa tayi, anayandikira. Sanakuwe. Anthu amenewa akafuna kukuopseza ankayankhula motsitsa.

"Mayi, mukudziwa amene akubwera pano?"

"Sindikuwadziwa, bambo. Ngati akudwala, abwere kuseri adzakhale pamzere."

Mphunzitsi wina anagwira pakamwa. Ine ngakhale ndinali mwana ndinadziwa kuti mawu amenewa munthu sanena n'kukagona kunyumba kwake mwamtendere.

Adokotalawo anali mnyamata ndithu, wochokera kutali, amene anali asanathe zaka ziwiri pantchito. Sanali munthu woipa. Anali wamantha, monga tinalili tonse. Anayang'ana atcheyamani, anayang'ana kumsewu, kenako anayang'ana chimene chinali m'manja mwawo. Ndinaona chala chawo chikufunafuna pakhosi pa mwanayo, n'kukoka chikope. Nkhope yawo inasintha. Sanatsanzike aliyense, anangotembenuka n'kuyamba kuthamanga, makiyi akulira m'thumba.

M'chipinda muja anayesa mkono uwu, anayesa winawo, anayesa kuphazi, mtsempha osaoneka. A Nasibeko anatenga lezala n'kumeta Saidi mbali imodzi ya mutu, n'kupukuta zomata za azakhali zija osanenapo kanthu. Adokotala anafuna mtsempha wa pamutu. Nthawi yomweyo kunja kunamveka mahutala a galimoto, ng'oma ndi nthungululu. Nduna inali itafika. Adokotala anadzutsa mutu kuyang'ana kuwindo.

"Maso pa mwana, bambo," anatero a Nasibeko, atagwira kamutu kaja ndi manja awiri. "Pang'onopang'ono. Ndi umenewo, mwaupeza."

Singano inalowa. M'botolo muja munayamba kudontha, ndipo ine anandiimika pomwepo kuti ndiziyang'anira, akasiya kudontha ndikuwe. Anabwereza kawiri kuti ndikuwe, osati ndinong'one.

Nanga ndunayo? M'chipatala simunalowe n'phazi lake lomwe. Inaima pansi pa mtengo, inayankhula pang'ono, inalandira mbuzi ndi mazira, n'kukwera galimoto. Njereza yonse ija, mabulangete aja, ana okomoka ndi dzuwa, ife kununkhiza zimbudzi theka la tsiku, zonsezo chifukwa cha munthu amene sanaone n'komwe khomo la wodi! Chokhacho chimene inafunsa n'chakuti dokotala wa pano ali kuti, ndipo atcheyamani anasowa choyankha pamaso pa anthu. Manyazi amenewo sanawaiwale.

Botolo lachiwiri lili pakati, Saidi anatakataka, n'kutulutsa kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Patapita nthawi a Nasibeko anamunyamula kuti asinthe nsalu, iye n'kuwakodzera pamiyendo.

"Eyaa! Kodza, bambo, kodza!" anatero akuseka. Kanali koyamba kuwaona mano.

Anandipatsa kapu ya madzi owiritsa othira shuga ndi kamchere, n'kundiphunzitsa kumumwetsa ndi sipuni, pang'onopang'ono osalekeza. Anandiuza kuti ndikawauze azakhali kuti mwana wotsegula m'mimba amafuna madzi kuposa wina aliyense. Kenako anatulutsa mbatata yootcha m'thumba la yunifolomu n'kundiponyera, ati ndidye ndingakomoke n'kuwawonjezera ntchito. Khutu langa linali likadatentha, koma mbatatayo ndinaidya ndi makoko omwe.

Amayi anafika m'mawa mwake, akadali m'nsalu ya chipani, mawu atasasa ndi kuimba. Atamuona Saidi ndi singano pamutu, anadzigwetsa pamapazi a a Nasibeko, akungoti sikomo, sikomo m'Chiyao chathu, Chichewa chonse chitawathawa. Ine ndinkayembekeza kuti awalalatira chifukwa chosiya mwana wodwala. Sanatero.

"Dzukani, mayi," anatero. "Simunapite mofuna inu. Muyamwitseni, mabere akuwawatu amenewo."

Tsiku lachitatu kunabwera galimoto ya polisi. Anawapeza a Nasibeko akuyanika nsalu kuseri, ndipo anawatenga manja akadali onyowa. Tinaonera pawindo la wodi, odwala ndi owadikirira, ife amene dzana lomwelo tinaunjikidwa kudzenje kuja. Palibe anatsegula pakamwa, ngakhale ine amene khutu linali lisanapole. Mlandu unali wonyoza mlendo wa boma. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akuluakulu anawalembetsa adokotala kalata yonena kuti mayiyu ndi wamwano ndipo anawakakamiza kuchoka pamzere. Anasaina, ntchito yawo inapulumuka. A Nasibeko anakhala m'kati miyezi yambiri popanda kuonekera kukhoti, ndipo atatuluka anawatumiza kwina. Kwathu sitinawaonenso.

Saidi anachira. Ine ndinapitiriza sukulu, ngakhale anthu ankawaseka bambo kuti akusunga mbeta yowerenga mabuku, ndipo pamapeto pake ndinakhala namwino. Ananditumiza kuchipatala china chachikulupo, m'boma lathu lomweli. Sabata yoyamba, ndikudutsa pakhonde la odwala ongobwera, ndinaona mayi wa imvi atatsamiritsa chikolopa kukhoma, akuvundukula nsalu ya mwana wina pabenchi. Ankayenda mokoka mwendo, ndipo mano aja akutsogolo kunalibe. Ndinaima. Ndinawayandikira n'kudzifotokoza.

Anandiyang'ana dwii. "Ndiye mwanayo ali moyo?"

"Ali moyo, amayi. Wakula, akupita kale kunyanja ndi bambo."

"Chabwino. Tandigwirirani ndowayo, asisita, msanawu wandivuta lero."

Za tsiku lija sanafune kuyankhulanso, za kundende n'komwe. Ndinayesapo kamodzi kufunsa za mano, iwo n'kundifunsa ngati ndamaliza kugawa mankhwala. Tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Pa udindo ine ndinali pamwamba, iwo pansi penipeni, moti pamaso pa anthu ankanditcha asisita, dzina limene linkandibaya pochokera pakamwa pawo. Koma tikalowa m'chipinda chotsukira ziwiya, zinthu zinkabwerera m'malo mwake.

Tsiku lina ndinakalipira mayi wina wa kwa Mponda amene anabwera ndi mwana atafooka kale. Ndinali nditatopa, ndipo ndinamuyankhula mawu amene sindingawalembe pano. Mayiyo anangowerama. A Nasibeko anandikodola, n'kutseka chitseko.

"Mwaiwala msanga, asisita."

"Koma inunso munanditsina khutu," ndinadziteteza.

"Ine ndinakutsinani kuti muyankhule. Inu mwamukalipira uja kuti ulendo wina asadzabwerenso. Kukalipa sikoipa, koma muzikalipira amene ali ndi makiyi."

Ndinatuluka n'kukapepesa mayi uja m'Chiyao. Namwino kupepesa wodwala chinali chinthu chachilendo, moti mayiyo anachita mantha.

A Nasibeko anadwala chifuwa nyengo ya mvula, kutatsala pang'ono kuti apume pantchito. Anagona m'wodi imene anaikolopa zaka zonsezo, ndipo ngakhale ali pabedi ankandikodola kuti ndikaone wa pakona uyo, wakhala chete kwambiri. Anamwalira m'mawa wina ndikuwasintha pilo. Ana awo onse anali atatsogola kale, ndipo kwawo kunalibenso wowaitanitsa, choncho anaikidwa kwa Mponda kumene anali ndi kanyumba. Akuluakulu a chipatala anati galimoto ilibe mafuta. Mafuta opita kumisonkhano analipo sabata iliyonse, koma a mayi wokolopa panalibe!

Ndinatumiza uthenga kwathu. Saidi, amene tsopano anali mnyamata wa ndevu, anabwera ndi asodzi anzake asanu, onse atavala makofia. Iye za a Nasibeko sankakumbuka kanthu, ankangodziwa zimene amayi ndi ine tinkamuuza. Anapempha kwa akulu a mpingo wa malemuwo kuti iye ndi anzakewo anyamule bokosi, ndipo anawalola. Anthu a m'njira ankaima kuonerera Asilamu atasenza bokosi la Mkhristu pamapewa, amayi a mpingo akuimba m'mbuyo.

Kumanda kunayankhula mkulu wa chipatala chathu. Pampando wakutsogolo panakhala munthu wa chipani, pakuti nthawi ija inali isanathe, ndipo maliro aliwonse ankakhala ndi khutu lake. Bwanayo anakonza tayi n'kunena kuti mayi Nasibeko anali chitsanzo kwa antchito onse: munthu wofatsa, womvera, amene sanayankhepo akuluakulu ngakhale tsiku limodzi. Asa! Bambo ameneyu mbiri yawo ankaidziwa bwinobwino, mapepala awo anali mu ofesi mwake. Anthu anavomereza ndi mitu.

Ndinafuna kuimirira n'kuyankha. Ndinali nditakhala pakati pa amayi, yunifolomu yanga yoyera ikuonekera patali. Ndinaganiza za ana anga awiri, ndinaganiza za nyumba ya boma imene tinkakhalamo, ndinayang'ana munthu wa pampando uja. Tsidya lina la manda Saidi anali ataima ndi fosholo, akundiyang'ana, kudikira. Ndinaweramitsa mutu. Ndinakhala chete kachitatu m'moyo wanga, ndipo ulendo uno sindinali mwana.

Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo ana a sukulu ya unamwino ambiri adutsa m'manja mwanga. Amabwera ataphunzitsidwa kuti chifundo ndi kumwetulira, kuyankhula motsitsa ndi kugwira wodwala paphewa. Zimenezo n'zabwino, sindikutsutsa. Koma ndaona anthu akufa pabenchi atazunguliridwa ndi antchito aulemu, omwetulira, odikira kuti bwana amalize kaye msonkhano. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti wodwala weniweni alibe mphamvu zokwiya, ndiye pafunika wina womukwiyira. Wina ayenera kuponda posesa, kudetsa jasi, n'kulipira mtengo wake. Kwa ife anachita zimenezi ndi mayi wosaphunzira, wa mtundu wina ndi chipembedzo china, amene sankatidziwa n'komwe maina. Analipira ndi mano ake ndi mwendo wake, ndipo ine amene ndinapindula ndinalephera kumulipira ndi mawu anayi okha pamanda ake.

Mkwiyo umenewu sunandichoke. Ndimakwiyira amene anatibisa, ndimakwiyira amene anasaina kalata ija, koma kwambiri ndimakwiyira mayi wa yunifolomu yoyera amene anaweramitsa mutu. Bwana uja anamwalira kalekale, ndipo ambiri amene anavomereza ndi mitu tsiku lija nawonso anapita. Ndachedwa, ndikudziwa. Koma ndiyankhabe, ndipo ndikuyankha mokweza.

Bwana, munanama. A Nasibeko sanali omvera. Akanakhala omvera, Saidi tikanamukulunga m'sanda tsiku lomwelo, pakuti kwathu maliro sagona, ndipo amayi ake akanabwera ndi mabere odzaza n'kupeza dothi lokhalokha.